Mkonono wa pug usakunamizeni

Achemwali, mwati kapug kanu, kagalu ka nkhope yophwatalala, ka miyezi isanu kamaliza mkonono ngakhale kali maso, ndipo mukufuna kukateteza ku matenda. Nditangowerenga mtima wanga unagunda, chifukwa Tiki wanga anayamba chimodzimodzi.

Amene anandigulitsa anati ndi mmene agalu amenewa amakhalira, mkononowo ndiye kukoma kwake. Ndinamukhulupirira zaka ziwiri zathunthu. Ndiye Okutobala wina tinanyamuka ku Lilongwe kupita ku Senga Bay cha m'ma 11 koloko m'mawa, galimoto yopanda AC. Titatsika mapiri kulowa kuchigwa cha Salima, mphepo yolowa pawindo inkachita kuwotcha. Tiki anali pamiyendo pa mwana wanga, lilime panja, akupuma mwawefuwefu. Ife tinkati ndi ludzu chabe. Titafika kunyanja anatsika, anayenda pang'ono pamchenga, miyendo yakumbuyo n'kuyamba kudzandira, kenako khu! kugwa chammbali. Phokoso lapakhosi silinalinso mkonono, linali ngati munthu akukoka mpweya m'kabango kotsekeka. Thovu lolimba kukamwa, lilime lija lofiira litasanduka ngati jambula. Maso ali tong'o kundiyang'ana. Mwana wanga akukuwa kuti amayi chitanipo kanthu. Ine mwamantha ndinanyowetsa thaulo, kumukulunga thupi lonse, kumuika m'galimoto n'kuyamba kuthamangira ku Lilongwe kwa dokotala wa ziweto. Nyanja ili pomwepo, madzi onsewo, koma sindinamulowetsemo. Tisanafike ndi pakati pa ulendo anasanza kamodzi, anadzitambasula, basi ziii. Mwana anamugwirabe choncho mpaka m'tauni.

Dokotala ndi amene anandimasulira zonse pambuyo pake. Galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma. Tsono pug mphuno zake ndi zothina, ndipo mnofu wakumwamba m'kamwa ndi wautali, umagwera pakhosi n'kutseka njira ya mpweya. Ndiwo mkonono mukuumvawo. Thupi la galu limayenera kutentha madigiri 38 kapena 39, likapitirira 41 ziwalo zam'kati zimayamba kuwonongeka. Anati ndikanayamba kumuthira madzi pomwepo, kenako n'kuyenda mawindo ali otsegula. Thaulo lija linkangotsekera kutentha m'thupi.

Koma amene amandiwawa mpaka lero ndi wogulitsa uja. Nditamuimbira foni ndikulira anati ndine amene ndinalephera kusamala galu, kenako popanda manyazi akuti ali ndi ana ena, anditsitsira mtengo. Kumutsitsira mtengo munthu amene wangokwirira galu! Khadi la katemera sanandipatse, anakana kundionetsa mayi wake wa Tiki, lero ndikudziwa chifukwa chake. Anthu amenewa amasankha dala agalu a nkhope yophwatalala kwambiri chifukwa ndi amene amagulika msanga pa Facebook. Ofufuza a ku Royal Veterinary College ku London anapeza mu 2022 kuti pug ali pachiopsezo cha vuto lakupuma limeneli, lija amati BOAS, kuposa agalu ena maulendo opitirira 50. Wogulitsa angakuuzeni zimenezo?

Ndiye inu pitani nako kwa dokotala sabata yomwe ino akaone mphunozo. Ziyang'aneninso nokha: ngati ndi timing'alu chabe osati mabowo otseguka, funsani za opaleshoni yokuza mphuno kakadali kakang'ono. Lamba wapakhosi mutayeni, gulani womanga pachifuwa. Kunenepa ndi mdani wamkulu, pug wamkulu azikhala pakati pa makilogalamu 6 ndi 8, nthiti muzitha kuzimva mukapapasa. Ine Tiki ndinkamupatsa nsima ndi msuzi wa nyama chifukwa cha maso ake opempha aja, anafika 11. Makwinya apankhope muzipukuta ndi kansalu konyowa n'kuumitsa bwinobwino, chinyontho chikatsalira mumatuluka fungo ndi zilonda. Maso awo ndi otuluka, sachedwa kukalidwa ndi udzu kapena mphaka. Kakayamba kutsinzina diso limodzi kapena kutuluka manthongo, ndi nkhani ya tsiku lomwelo, ndipo musathiremo mankhwala a maso a anthu. Katemera wa parvo, distemper ndi chiwewe musadumphe, mankhwala a nkhupakupa chimodzimodzi.

Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa musatuluke nako panja masana, kazikhala pamthunzi ndi madzi. Komabe muzikayendetsa tsiku lililonse, apo ayi kanenepa, bola ikhale 6 koloko m'mawa kapena dzuwa litalowa. Kakagwa ngati Tiki, madzi kaye, galimoto pambuyo.

Ndipo kwa ena muli m'gulu muno amene mukufunsa mitengo, chonde musagule pug, mukungowonjezera msika wa anthu ngati uja. Ine ndili naye wina panopa, ndinamutenga kwa msuweni wanga amene anasamukira ku Johannesburg, sindikanatha kumusiya. Amagona pafupi ndi fani, ndipo magetsi akazima masana ndimathira madzi pasimenti kuti agonepo. Usiku ndimadzukabe kukamvetsera mmene akupumira.