Kalata yochokera ku Wyoming: kodi kavalo angakhale mnzako wa pantchito?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wakwathu amene akuphunzira ku America. Patchuthi chachikuluchi wapeza ganyu ku Wyoming, pa famu yolandira alendo, imodzi mwa zija kumeneko amazitcha dude ranch. Amathandiza kukhitchini ndi kukonza m'zipinda. Ndafupikitsa zimene walemba:

"Akulu, pano pali akavalo ambirimbiri, maponi angapo ndi abulu awiri. Abwana amati nyamazi ndi anzathu apantchito. Kavalo aliyense ali ndi dzina, ali ndi tsiku lopuma, ndipo akangotsimphina pang'ono aitana dokotala, pomwe ine mutu ukandipweteka amangondipatsa mapiritsi awiri. Abuluwo ndiye sindiona chimene amagwira, kwawo n'kudya ndi kulira basi. Kodi zonsezi si zongosangalatsa alendo? Chinanso, chaka chamawa ndikufuna ndidzapemphe ntchito ya kukhola. Ndiyambire pati?"

Achimwene, zikomo polemba, ndipo pepani ndi mutuwo. Zokometsera zilipo ndithu, pakuti mlendo wochokera ku New York amasangalala akamva kuti kavalo amene wakwera ndi wa m'banja. Koma mukachotsa zokometserazo, chotsalacho n'choona. Pa famu yoteroyo ntchito yovuta kwambiri siili kwa wophika, kapena kwa anyamata azipewa zazikulu aja. Ili kwa kavalo amene mlungu uliwonse amanyamula munthu wachilendo, wosadziwa n'komwe kukwera, n'kumubweza madzulo ali bwinobwino.

Bizinesi imeneyi inayamba ngati masewera. Abale atatu ochokera ku Pittsburgh, Howard, Willis ndi Alden Eaton, anali ndi famu ya ziweto pafupi ndi Medora, dera limene lero lili mu North Dakota. Anzawo a m'tauni ankabwera kudzacheza, kudya, kukwera akavalo, osachoka msanga, mpaka mu 1882 alendo anayamba kulipira chakudya ndi pogona. Kenaka chisanu choopsa cha 1886 mpaka 1887 chinapululutsa ng'ombe m'zigwa zonsezo. Ngakhale Theodore Roosevelt, amene ankaweta m'dera lomwelo asanakhale pulezidenti, anataya ng'ombe zambiri. A Eaton anaona kuti ndalama ya alendo ndiyo yodalirika. Mu 1904 anasamukira ku Wolf, pafupi ndi Sheridan m'munsi mwa mapiri a Bighorn, m'chigawo chomwe inu mulicho, ndipo famuyo ikulandirabe alendo. Mu 1926 eni mafamu otere anakumana ku Bozeman, Montana, mothandizidwa ndi kampani ya sitima ya Northern Pacific, n'kukhazikitsa bungwe la Dude Ranchers' Association. Kale kavalo anali wokusira ng'ombe. Kuyambira nthawi imeneyo, iye ndiye chimene mlendo amalipirira.

Tsono taganizirani chimene tikumupempha. Kavalo mwachibadwa ndi nyama yothawa. Maso ake ali m'mbali mwa mutu kuti aziona pafupifupi mozungulira, kupatula kumbuyo kwenikweni ndi pafupi ndi mphuno, ndipo akadzidzimuka amayamba wathamanga, kuganiza pambuyo. Jumbo youluka ndi mphepo ndi yokwana kumuthamangitsa. Nyama imeneyi ndiyo tikuikweza munthu wamantha, amene akukoka zingwe kuti iime kwinaku zidendene zake zikuimenya m'nthiti kuti iyende, dzanja lina lili m'mwamba ndi foni. Kavalo wampikisano amaphunzitsidwa kumvera kachizindikiro kalikonse. Kavalo wa alendo amafunika nzeru ina, yodziwa malamulo oti awanyalanyaze. Ayenera kuzindikira kuti kukoka kumeneku ndi mantha chabe, n'kupitirira kutsata njira. Nzeru yotere siibwera m'chaka chimodzi. N'chifukwa chake mudzapeza kuti odalirika ambiri ndi amphongo ofula, azaka zopitirira khumi, kawirikawiri a mtundu wa Quarter Horse, ndi ena akuluakulu osakanizidwa ndi mitundu yamphamvu ya Percheron kapena Belgian, onyamula alendo amathupi. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Sabata ikatha wapita, kwabwera wina wa manja ena ndi mantha ena, kavalo ali yemweyo.

Tsiku lina mudzuke mbandakucha, musanayambe za kukhitchini, mukaime pampanda wa khola. Mudzaona osamalira akavalo, aja amawatcha wrangler, akubwera ndi gulu lonse kuchokera kumsipu. Wodziwa ntchito sayang'ana kukongola kwa gululo, amayang'ana miyendo: uyu akuponda mokayika, uyo watsalira m'mbuyo pomwe dzulo anali patsogolo. Akamanga kavalo, amayamba wamupesa msana, kenaka amayendetsa chikhatho pang'onopang'ono kuchokera paphewa mpaka m'chiuno, kufufuza potentha kapena potupa. Kavalo akathyola msana pansi pa dzanjalo, kapena akagoneka makutu kumbuyo, ameneyo lero sagwira ntchito. Kamchenga kotsalira pansi pa bulangete la chishalo kamasanduka chilonda pofika masana. Amanyamula phazi lililonse n'kukolokosa miyala m'ziboda ndi kachitsulo kokhota. Lamba wa pamimba amamanga kawiri: koyamba mopepuka, chifukwa akavalo ambiri amaumitsa mimba akamva lambayo, ndiye amamuyendetsa pang'ono n'kumangitsanso. Akaiwala kachiwiriko, chishalo chimapendekeka pamtsetse ndipo mlendo amapezeka pansi. Ngakhale mndandanda wa paulendo suikidwa mwachisawawa. Akavalo ali ndi maudindo awoawo, ena sagwirizana, ndipo amene amaponya mateche ena amamumanga kansalu kofiira kumchira kuti wam'mbuyo atalikire.

Za dokotala zija ndi masamu. Kavalo wolemera makilogalamu 500 amadya udzu wouma wokwana makilogalamu 8 mpaka 10 patsiku, ndipo amamwa malita 25 mpaka 50 malinga ndi kutentha. Satha kusanza, choncho chakudya choipa kapena kusintha zakudya mwadzidzidzi kumabweretsa kupotokola kwa m'mimba kumene kungamuphe usiku umodzi. Ziboda zimakula ngati zikhadabo, ndipo wosula nsapato zachitsulo amabwera milungu 6 mpaka 8 iliyonse. Mano amafuna kupalidwa pafupifupi chaka ndi chaka chifukwa amatuluka nsonga zocheka masaya. Muyezo umene ambiri amatsata ndi wakuti asanyamule kupitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, kuphatikizapo chishalo, chimene chokha chimafika makilogalamu 12 kapena kuposa. Apa ndi pamene pachokera fomu ija imene alendo amalemba msinkhu ndi kulemera kwawo asanafike, ena akunyinyirika. Kuwonjezera apo, mafamu ambiri a kumpotoko amatsegula miyezi inayi kapena isanu yokha pachaka. Kavalo akakhala milungu itatu ndi chilonda pamsana, ndalama yapita. Musakhumudwe, achimwene, koma wotsuka mbale angapezeke Lolemba lomweli, pomwe kavalo woleza mtima wazaka 15 sagulidwa pashelefu. Izi sizikutanthauza kuti inu muzipirira matenda. Mutuwo ukapitirira, nenani kuti mukufuna kuchipatala.

Poni si mwana wa kavalo ayi. Ndi nyama yokhwima yaifupi, yosapitirira masentimita 147 kapena 148 paphewa. Amanyamula ana, munthu wamkulu atagwira chingwe. Maponi ngati a Shetland ndi amphamvu modabwitsa, komanso ochenjera mwaukathyali: amadziwa msanga kuti timanja ta mwana n'tofooka, ndiye amangoweramitsa mutu kudya udzu mwana ali kulira pamsana. Mdani wawo ndi kukhuta. Msipu wanthete ndi maapulo a alendo zimawanenepetsa n'kuwabweretsera matenda otupa m'kati mwa ziboda, opweteka koopsa. Mukaona poni atavala kachotchinga pakamwa kodyera pang'onopang'ono, si nkhanza.

Pa abulu aja ndiye sindikugwirizana nanu. Bulu ndi wakwathu ku Africa konkuno, makolo ake anachokera m'madera ouma a kumpoto chakum'mawa, ndipo khalidwe lake ndi losiyana kotheratu ndi la kavalo. Akaona choopsa sathawa, amaima nji n'kuchiyang'ana. Anthu amati ndi makani, koma ndi nyama yosafuna kuponda pamene sinakhutire napo. Khalidwe limeneli lili ndi ntchito pa famu. Bulu amadana ndi nyama za mtundu wa galu, choncho alimi ambiri a ku America amamuika pakati pa nkhosa kapena ana a ng'ombe kuti azithamangitsa ankhandwe akumeneko otchedwa coyote. Kulira kumene mukudandaula kuja nthawi zina ndi belu lochenjeza. Kavalo wovulala amene watsekeredwa yekha amadekha akakhala ndi bulu pafupi. Ndiponso mwana amene walira ataona kavalo wamtali, kawirikawiri amayambira kusisita bulu, mawa lake n'kuvomera poni. Ntchito yotere siioneka, koma ndiyo imachititsa banja kubweranso chaka chamawa.

Abuluwo kukhala awiri si mwangozi. Abulu amakondana awiriawiri, ndipo mmodzi akachotsedwa winayo amatha kusiya kudya. Bulu akasiya kudya, mafuta a m'thupi amakhamukira m'magazi n'kuwononga chiwindi, ndipo imfa siichedwa. Choipa china n'chakuti amabisa ululu. Kavalo wodwala m'mimba amagudubuzika aliyense n'kuona, bulu amangoima duu, makutu ali pansi. Ubweya wake umalowa madzi, choncho amafuna denga kukagwa mvula kapena chipale. Akasamalidwa amakhala zaka 30 mpaka 40, moti amene waweta bulu wadzipatsa udindo wa theka la moyo wake. Mukapita kukhola, muyang'ane kumanzere kwa khosi lawo. Mukaona timizere toyera tolembedwa pamenepo, ndiye kuti anachokera kutchire. Ofunafuna golide akale anasiya abulu m'zipululu za Arizona, Nevada ndi California, anaswana kumeneko, ndipo lamulo la 1971 linawateteza pamodzi ndi akavalo akutchire. Nthambi ya boma ya Bureau of Land Management imagwira ena n'kuwapereka kwa ofuna kuweta, ataikidwa chizindikirocho. Ngati pafamupo palinso nyulu, ameneyo ndi mwana wa bulu wamphongo ndi kavalo wamkazi. Iye sabereka, koma pamtsetse wamiyala palibe womuposa, n'chifukwa chake ndiye amatsitsa alendo ku Grand Canyon, chigwa chakuya kwambiri cha ku Arizona.

Komabe kukayika kwanu kuli ndi malo ake. Dzina lokoma pachitseko cha khola silitsimikiza kanthu. Ngati mukufuna kudziwa ngati abwana anu akunena zoona, funsani zinthu ziwiri: akavalowa amapita kuti alendo akatha, ndipo amapita kuti akakalamba? Pa mafamu abwino, chisanu chikayandikira amawavula nsapato n'kuwamasula kumsipu wa m'chigwa kuti apume miyezi ingapo, akuwaponyera udzu. Mafamu ena alibe akavalo awoawo, amachita kubwereka kwa makampani ngati Sombrero Ranches ya ku Colorado, ndipo limenelo si tchimo malinga akuwasamala. Funso lachiwiri ndilo lowawa. Malo ophera akavalo mu America anatsekedwa mu 2007, koma akavalo amagulidwabe m'misika ya ziweto n'kukwezedwa m'malole kupita kokaphedwa ku Mexico ndi ku Canada. Kavalo amene wanyamula alendo zaka 20 akhoza kuthera komweko. Famu imene ili ndi msipu wa nkhalamba zopuma pantchito, kapena imene imazipezera mabanja odziwika, ndiyo ili ndi ufulu wonena kuti anzathu. Ngati wrangler wamkulu ayamba kuyang'ana kumbali mukafunsa, mwamva yankho.

Kuti ife tikule osadziwa akavalo si ulesi. Kashembe ndi matenda a akavalo ofalitsidwa ndi tizilombo touluka madzulo zinachititsa kuti nyamayi isakhazikike m'madera athu, ndipo amene alipo ndi ochepa, ena mwa iwo a alendo omwewo. Koma abulu tili nawo, akukoka ngolo ku Dedza, ku Lilongwe, ku Mchinji, ambiri atasenzetsedwa goli la ng'ombe pakhosi. Bulu alibe linunda, amakoka ndi chifuwa, ndipo zilonda za pakhosi zimene timaziona zija zimachokera pa goli. Mukaphunzira kumanga lamba wa pachifuwa kumeneko, mudzakhala ndi chobwera nacho chothandiza kuposa chipewa.

Za poyambira: musadikire chaka chamawa, ndipo musayambe ndi kupempha kukwera. Pitani kwa wrangler wamkulu pa nthawi yanu yopuma, mumuuze mosabisa kuti simunagwirepo kavalo, ndipo mupemphe wilibala ndi fosholo. Wochotsa ndowe ndi wotsuka zomwera ndiye amayamba kudziwa kavalo amene sanamwe madzi kapena amene ndowe zake zauma, ndipo nkhani zotere akuluakulu a kukhola amazilemekeza. Gulani nsapato zotseka zokhala ndi chidendene, kuti phazi lisalowerere m'chopondera. Kavalo mumufikire chapaphewa mukumuyankhula, osati chakumbuyo mwakachetechete. Chingwe musachikulunge padzanja ngakhale kamodzi, pakuti akadzidzimuka zala zimapita. Chipata chilichonse chisiyeni mmene mwachipezera. Lowezani mayina, khumi pa sabata, pamodzi ndi khalidwe la aliyense. Ndipo nyengoyi isanathe, pemphani abwana akulembereni kalata yonena zimene mwaphunzira kukhola, chifukwa mafamu ambiri amalemba anthu a chaka chamawa m'miyezi yachisanu, inu muli m'kalasi.