Kwa amayi aja a mwana wofuna kupanga ndege

Amayi, ndaona funso lanu lija, kuti mnyamata wanu wakhoza bwino fomu 4, masamu ndi physics zimamuyanja, ndiye wakakamira zoti akufuna akaphunzire zopanga ndege, inu mukufuna kudziwa ngati ku Malawi kuno zimenezi zili ndi tsogolo. Za ma scholarship ena ayankha kale, ine ndingonena mbali yomwe inatiwotcha pakhomo pathu.

Fakitale yopanga ndege kuno kulibe, tiyambire pamenepo. Chomwe chilipo ndi kuulutsa ndi kukonza basi, ndipo naponso malo ake ndi ochepa. Air Malawi inatha 2013, kenako 2014 kunayamba kuuluka iyi ya Malawi Airlines yomwe boma lili ndi 51% pomwe 49% ndi ya Ethiopian Airlines, ndege zake mutha kuziwerenga ndi zala za dzanja limodzi, ndipo magalaja akuluakulu okonzera ndege a Ethiopian ali kwawo ku Addis Ababa osati ku Lumbadzi kapena ku Chileka. Ndiye taganizani nokha, pachaka angalembe mainjiniya angati? Awa akuti mungomutumiza ku Airwing, kwa ndege za asilikali, poti ndi pafupi, hahaha abale, kumene kuja si koleji yoti ulipire fizi nkulowa, uyambe wakhala msilikali kaye, mpala, kuthamanga mbandakucha, za ndegezo zibwere pambuyo ngati akusankha.

Mwana wa achemwali anga naye anali choncho, kuyambira ali wamng'ono akangomva ndege ikudzuka ku Airwing amasiya nsima nkuthamangira panja. Atamaliza sukulu tinapeza agent wina ku Blantyre, ofesi yooneka bwino, kabuku kowala kali ndi chithunzi cha Boeing pachikuto, akuti aircraft engineering zaka ziwiri kunja ntchito ikudikira. Achemwali anagulitsa puloti, ife tonse kusonkha, zonse pamodzi zinapitirira 6 miliyoni ya nthawi imene ija, osawerengera madola omwe timasaka mwezi ndi mwezi movutikira. Mwana atafika anatitumizira chithunzi pa WhatsApp, ndege imodzi yokha yakalekale, injini inachotsedwa, matayala ophwa, nkhunda zikugona m'mapiko, ana oposa 40 kumalimbirana sipanala pa ndege yomweyo. Anabwera ndi satifiketi yokongola ya mufelemu, koma kulikonse komwe anapita funso linali limodzi, laisensi ili kuti? Nkhani ya ndege amaona laisensi amayi, ndipo laisensiyo imafuna mayeso ovomerezeka komanso nthawi yomwe wagwira pa ndege zenizeni zouluka, zolembedwa mu logbook nkusainidwa ndi injiniya yemwe ali nayo kale. Agent uja izi sanatiuzeko ngakhale kamodzi, ndipo foni anasiya kuyankha. Pano mnyamatayo akukonza njinga zamoto za kabaza ndi kuika ma solar, akudya ndithu, koma puloti ija sinabwerere.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanamuuza atenge mechanical kapena electrical engineering ku MUBAS kapena engineering ina ku MUST ku Thyolo, olo physics pompano pa Chanco. Fizi ya ku yunivesite za boma olo yakwera siingafike pa zomwe ife tinataya, loan imapezeka, ndipo zandegezo zikakanika digiri imeneyo amagwira nayo ntchito pena paliponse. Akamaliza ngati mtima ukadali komweko ndi pomwe angafunsire kunja, Wits ku Johannesburg amaphunzitsa aeronautical engineering, South Africa ili ndi makampani ngati Aerosud omwe amapangira ziwiya Airbus, ndipo Ethiopian ali ndi sukulu yawoyawo ku Addis. Koma alembere sukuluyo yekha, osadzera mwa munthu, ndipo afunse ngati pepala lawo a civil aviation, oyang'anira za ndege kuno, amalivomereza, ayankhe molemba osati pafoni.

Komwe ine ndikuona kuti kukuyenda ndi ku ma drone, apa pokha dziko lathu linatsogola. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ma drone ku Kasungu, makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege, makampani akunja amabwera kudzayesa zawo konkuno. Mu 2020 kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, mothandizana ndi Virginia Tech ya ku America komanso MUST, ana amaphunzira kulumikiza drone ndi manja awo, kuiulutsa ndi kuwerenga zithunzi zomwe yajambula. Ndege zopanda woyendetsa mkatizi zimanyamula mankhwala ndi magazi okayezetsa kuzipatala za kutali, zimajambula mapu a malo osefukira madzi, inu mukukumbukira mmene Freddy anadulira misewu 2023. Kumeneko ndiye kupanga ndege komwe mwana wa kuno angakugwire ndi manja, olo ndi tating'ono. Chenjezo lake ndi loti ntchito zambiri ndi za ma project a mabungwe, ndalama zikatha nayonso yatha, nchifukwa chake ndikuti digiri iyambe, drone ikhale ndiwo.

Akasintha maganizo nkunena kuti akufuna upailoti, musanalipire kalikonse akayezetse maso kaye, makamaka zosiyanitsa mitundu, pali ana amagwera pamenepo ndalama zitapita kale, ndipo sukulu yake ndi madola masauzande makumimakumi. Komanso mukamugulira ka drone kotchipa kaja koti aziphunzirira, asakaulutsire dera la ku Airwing kapena pafupi ndi State House chonde, imafuna chilolezo, akamulanda mudzavutika kuilondola.