Chipinda changa n'chaching'ono, bwanji lendi tikulipira yofanana?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene akukhala ndi anzake awiri m'nyumba ya lendi. Ndaifupikitsa:

"Tilipo atatu ndipo chilichonse timagawana patatu. Koma chipinda changa ndiye chaching'ono, chibwenzi cha mnzathu wina chimagona pano masiku anayi pa sabata, ndipo winayo amayatsa hita usiku uliwonse kukazizira. Sopo ndi tina totere tikatha, wogula ndine. Ndikuona ngati akundidyera masuku pamutu, koma ndikuopa kuti ndikayankhula andiyesa woumira. Chilungamo chake n'chiyani pamenepa?"

Achemwali, simuli woumira ayi, ndipo mwina anzanuwo sakudziwa n'komwe kuti akukupsinjani. Vuto lagona poti ndalama zonse za pakhomopo mukuziyeza ndi muyezo umodzi, pomwe zimatuluka m'njira zosiyana. Lendi imatsata malo amene munthu watenga. Madzi amatsata kuchuluka kwa anthu. Hita imatsata mwini wake yekha. Kugawa patatu kumakhala chilungamo pa zinthu zokhazo zimene nonse atatu mukupindula nazo mofanana. Manambala amene ndigwiritse ntchito pano ndi ongoyerekezera, inu muikepo anu.

Tiyambe ndi lendi, popeza ndiyo ndalama yaikulu. Pezani tepi yoyezera, muyeze mulitali ndi mulifupi mwa chipinda chogona chilichonse, muchulukitse manambala awiriwo kuti mupeze masikweya mita ake. Muyezenso malo amene nonse mumagwiritsa ntchito: pabalaza, khitchini, bafa, chimbudzi ndi kolido. Tinene kuti zipinda zili ndi masikweya mita 18, 13 ndi 9, kuphatikiza 40, ndipo malo a nonse nawonso ndi 40. Nyumba yonse ndi 80. Ngati lendi ndi 1,200, sikweya mita imodzi ikudya 15. Malo a nonse akukwana 600, ndipo amenewa mugawane mofanana, aliyense 200, chifukwa khitchini si ya mmodzi. Zipinda zogona aliyense alipire chake: 270, 195 ndi 135. Mukaphatikiza, wa chipinda chachikulu apereka 470, wapakati 395, inu 335. Panopa mukupereka 400, kutanthauza kuti mwezi ndi mwezi mukulipirira anzanu 65, pa chaka 780.

Anthu ambiri amalakwitsa pogawa lendi yonse potengera kukula kwa zipinda zogona zokha. Mukatero, wa chipinda chachikulu adzalipira 540, inu 270, ngati kuti iye amaphika kapena kusamba kawiri kuposa inu. Akakana, adzakhala akulondola.

Koma tepi siyeza zonse. Siyeza zenera lolowetsa dzuwa, phokoso la kumsewu, chinyezi pakhoma, kapena bafa la m'chipinda momwemo. Zimenezi mtengo wake uli mumtima mwa munthu, ndipo njira yabwino ndi yoti anthuwo aunene okha. Mukakhala awiri n'zosavuta: mmodzi aike mitengo ya zipinda ziwirizo, winayo asankhe. Woika mitengoyo sangachenjere, chifukwa sadziwa chimene chimugwere. Mukakhala atatu, yambani ndi mitengo yofanana, 400 chipinda chilichonse, aliyense alembe pakapepala chipinda chimene akufuna pa mtengo umenewo. Chipinda chimene afuna anthu oposa mmodzi chikwezeni ndi 20, zina ziwirizo muzitsitse ndi 10 chilichonse kuti lendi yonse ikhalebe 1,200. Lembaninso, kwezaninso, mpaka aliyense atasankha chipinda chosiyana ndi cha mnzake. Pamenepo palibe wosirira mnzake, popeza aliyense watenga chimene wachifuna pa mitengo yomwe onse akuiona. Katswiri wa masamu Francis Su anasonyeza mu 1999 kuti kagawidwe kopanda kaduka kotere kamapezeka ndithu, malinga ngati mfundo zingapo zakwaniritsidwa, monga yoti pa mitengo iliyonse munthu aliyense ali ndi chipinda chimene angachilandire. Choipa cha njirayi n'chakuti wopeza bwino ndiye amapambana kawirikawiri, komanso imafuna kuti nonse muvomere kusinthana zipinda zikavuta. Ngati palibe wofuna kusuntha bedi lake, khalani pa tepi, kenaka mugwirizane kangachepe kowonjezera pa chipinda chokhala ndi bafa lake.

Tsopano za chibwenzi cha mnzanuyo, pamene nyumba zambiri zimagawanika. Masiku anayi pa sabata ndi masiku pafupifupi 17 pa mwezi. Ameneyo wasiya kukhala mlendo. Njira yowerengera ndi yoti muziwerenga masiku amene munthu aliyense wagona m'nyumbamo. Inu atatu 30 aliyense, iye 17, onse pamodzi 107. Bilu ya madzi ikabwera 214, tsiku limodzi la munthu mmodzi ndi 2. Inu mupereka 60, mnzanu wa hita 60, ndipo wachibwenziyo 94, zake ndi za mlendo wake. Muzilipiritsa mnzanuyo, osati bamboyo, chifukwa pangano lanu lili ndi amene mukukhala naye. Ndipo muike malire oti aliyense awadziwe: mwachitsanzo, mlendo wosapitirira masiku 8 pa mwezi sawerengedwa, wopitirira apo amalowa m'mabilu. Popanda malire otere mudzayamba kuwerenga tsiku limene mayi anu adzagone, ndipo nyumba yotero sikhalika.

Ngati bamboyo wabweretsa zovala, ali ndi kiyi, ndipo amapezeka ngakhale mnzanuyo atachoka, ndiye kuti mwakhala anayi. Malo a nonse aja a 600 agawidwe panayi, aliyense 150. Tikati awiriwo ali m'chipinda chachikulu, apereka 270 ya chipinda ndi 300 ya malo a nonse, kukwana 570. Wapakati 345, inu 285. Muonenso pangano la lendi, chifukwa mapangano ena amaletsa munthu wosalembedwa kukhala nthawi yaitali, ndipo mwini nyumba akadziwa, mlandu ungakugwereni nonse.

Za hita ndi masamu chabe, ndipo sizifuna mkangano. Pafupifupi chipangizo chilichonse chamagetsi chimalembedwa mawatsi ake pakachikwangwani kapansi kapena kumbuyo. Chulukitsani mawatsiwo ndi maola amene chimayaka, mugawe ndi 1,000, mupeza mayunitsi. Hita ya mawatsi 2,000 yoyaka maola atatu imadya mayunitsi 6 usiku umodzi, 180 pa mwezi. Babu la LED la mawatsi 10 loyaka maola asanu tsiku lililonse limadya yunitsi imodzi ndi theka mwezi wonse. Hita imodziyo ikufanana ndi mababu 120. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikamva anthu akukalipirana kuti wina sanazime getsi m'bafa kapena amatchaja foni kawiri patsiku, pamene magetsi akuthera kwina. Zodya magetsi ndi zotenthetsa ndi zoziziritsa: hita, giza, mbaula yamagetsi, uvuni, makina oziziritsa chipinda. Zina zonsezo zisiyeni m'gulu.

Choti muchite ndi ichi: ngati nyumba yadya mayunitsi 330 mwezi umenewo, chotsani 180 akhale a mwini hita, otsala 150 mugawane potengera masiku aja. Hita yomwe imadzizimitsa yokha chipinda chikafunda imadya ocheperapo kusiyana ndi masamu amenewa, choncho musamulipiritse mwankhanza. Yerekezani ndi mwezi umene hita sinayake, kusiyana kwake kudzakuuzani zoona. Mukhozanso kuwerenga mita madzulo ndi m'mawa usiku umodzi hita ili yoyaka, usiku wina ili yozima. Ngati hitayo ili pabalaza ndipo nonse mumawotha, nkhani yatha, ndi ya nonse.

Wina akapita ulendo, lendi ndi intaneti sizitsika, chifukwa chipinda chake chikumudikira ndipo kampani ya intaneti ikulipiritsa mwezi wonse. Madzi ndi magetsi angatsike potengera masiku, koma gwirizanani kuti zimenezi ziziyamba akachoka kopitirira sabata yathunthu. Za masiku awiri osaziwerenga.

Sopo, mapepala akuchimbudzi, mchere, mababu, zotsukira mbale: tinthu timeneti ndi tochepa mtengo, koma pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo chimene chimapweteka kwenikweni n'chakuti munthu mmodzi yekha ndiye amaona kuti zatha. Musayese kusinthanasinthana kugula, chifukwa wina adzagula sopo wotchipa, wina adzaiwala, wina adzati ndinagula mwezi watha. Khazikitsani thumba la nyumba. Sungani malisiti a mwezi umodzi kuti mudziwe zimakwana zingati, muwonjezepo pang'ono, mugawe potengera anthu, aliyense aponye gawo lake tsiku limene mukusonkha lendi. Lembani pakapepala zinthu zololedwa kugulidwa ndi thumbalo, mumate pakhomo la kabati. Chimene sichili pamndandanda, kapena chodutsa mtengo umene mwagwirizana, chisagulidwe musanafunsane. Chakudya ndingakonde kuti aliyense azigula chake, pokhapokha ngati mumadyera limodzi masiku ambiri. Anthu amadya mosiyana kwambiri, ndipo palibe chochititsa manyazi ngati kuwerengerana chakudya.

Pa zimene wina walipirira gulu, musamabwezerane ndalama tsiku ndi tsiku. Aliyense azijambula lisiti n'kuliponya pagulu lanu la WhatsApp tsiku lomwelo, kapena mulembe m'kabuku kamodzi. Ma app monga Splitwise ndi Tricount amachita ntchito yomweyi ndipo amawerengera okha. Pakutha pa mwezi phatikizani zonse. Tinene kuti inu mwalipira 300, wina 90, wina 60. Zonse ndi 450, gawo la aliyense ndi 150. Wa 90 akupatseni 60, wa 60 akupatseni 90, mwathana. Ndalama zayenda kawiri kokha. Njira imeneyi imagwiranso paulendo wa anzanu kapena paphwando: aliyense achotse zimene walipira pa gawo lake, otsalira apereke kwa opitirira. Tsiku lowerengera likhale lodziwika, ndipo lendi isonkhedwe masiku atatu kapena anayi tsiku la mwini nyumba lisanafike, kuti wochedwa asachititse mnzake kukongola.

Katundu wamkulu ndi amene amadanitsa anthu posamuka. Chapafupi n'chakuti wina agule firiji, wina tebulo, wina mbaula, aliyense adzanyamule chake. Ngati mwagula kale limodzi, gwirizanani lero zaka zimene chinthucho chingathe. Firiji ya 600 yomwe mwaipatsa zaka zisanu imatsika mtengo ndi 10 mwezi uliwonse. Wina akachoka patatha miyezi 18, firijiyo yatsala pa 420, gawo lake ndi 140, ndipo otsalawo amubwezere zimenezo. Za dipoziti lembani kuti wapereka zingati ndani, mujambule zithunzi za chipinda chilichonse, kuti chimene wina waononga m'chipinda mwake chidzachotsedwe pa gawo lake. Werenganinso pangano lanu mofatsa. Ngati nonse munasaina pepala limodzi, m'malamulo a mayiko ambiri mwini nyumba ali ndi ufulu wofuna lendi yonse kwa aliyense wa inu wina akathawa. Pa chifukwa chomwecho, mabilu onse asakhale m'dzina la munthu mmodzi.

Nanga muyiyambe bwanji nkhaniyi? Osati tsiku limene bilu yafika, osati bamboyo ali pomwepo, osatinso pa meseji ya usiku mutapsa mtima. Pemphani nthawi yokhala pansi atatu, mubwere ndi pepala la manambala, munene mawu onga awa: "Anzanga, ndayesa kuwerengera za nyumbayi ndipo ndikuona kuti pena sitikugawana bwino. Tiyeni tionere limodzi, ngati ndaphonya mundikonze." Ngati pali chimene inu mumagwiritsa ntchito koposa anzanu, kaya malo oimika galimoto kaya makina ochapira, chitchuleni choyamba ndipo muvomere kuchilipira. Musatchule khalidwe la chibwenzi cha mnzanu, nenani za masiku ndi madzi basi. Ndipo za m'mbuyo zisiyeni. Ndikudziwa kuti zimawawa mukawerenga miyezi yonse ija, koma munagwirizana nokha kugawa patatu, ndipo mukafuna kubwezeredwa, zokambirana zidzasanduka mlandu. Kagawidwe katsopano kayambe mwezi wamawa, kalembedwe pa tsamba limodzi, aliyense akhale ndi chithunzi chake pafoni, mudzakaonenso pakatha miyezi itatu kapena wina akabwera kapena kuchoka.

Akakana kusintha lendi, musataye zonse. Yambani ndi hita, masiku a mlendo ndi thumba la nyumba, chifukwa manambala ake ndi ovuta kuwatsutsa, ndipo za zipinda muziikire nthawi yokonzanso pangano ndi mwini nyumba. Akakana ngakhale zimenezi, onani m'panganolo kuti mumafunika kupereka notisi ya masiku angati komanso ngati mukuloledwa kupeza munthu wolowa m'malo mwanu. Pakadali pano, sopo muzigula wanu yekha.