Yankho kwa amalume pa nkhani ya khungu lochita kupanga

Amalume, ndamva funso lanu lija lakuti kodi n'zoona kuti masiku ano kuli khungu lochita kupanga, moti munthu wopsa kwambiri ndi moto safunikiranso kusendedwa khungu la pantchafu kuti alimate pabalapo. Chinthucho chilipodi, koma si khungu lenileni, ndipo nthawi zambiri kusenda kuja kumachitikabe.

Khungu lathu lili ndi zigawo ziwiri. Chapamwamba n'chopyapyala ndipo chikasupuka chimamera chokha. Chapansi n'chochindikala, ndicho chimachititsa kuti khungu lizitamuka, ndipo chikawonongeka chonse thupi silitha kuchibwezeretsa, m'malo mwake limakoka m'mphepete mwa bala n'kusiya chipsera cholimba. N'chifukwa chake mumaona munthu amene anapsa pachigongono akulephera kuwongola mkono, wina chibwano chitamatirira pachifuwa.

Chimene madokotala amaika ndi kansalu kooneka ngati chinkhupule, kokhala ndi timabowo ting'onoting'ono kwambiri. Akachotsa mnofu wonse wakufa amakayala pabala, ndipo maselo a wodwalayo pamodzi ndi timitsempha ta magazi zimalowa m'timabowoto n'kuyamba kumanga chigawo chapansi chija mwadongosolo, kwinaku kansaluko kakusungunuka pang'onopang'ono. Luso lonse lagona pamenepa, amalume: timabowo tikachepa kwambiri maselo salowa, tikakula kwambiri amasowa pogwira, ndipo kansaluko kakasungunuka msanga, thupi lisanamalize ntchito yake, chipsera chija chimabwera ndithu.

Anayambitsa njirayi ndi dokotala wa opaleshoni John Burke ndi katswiri wa sayansi Ioannis Yannas wa ku yunivesite ya MIT, ku America, m'zaka za m'ma 1970. Analengeza zotsatira za odwala oyamba mu 1981, koma boma la dzikolo linavomereza kansalu kawo, kotchedwa Integra, mu 1996. Iko kamapangidwa ndi kolajeni wa ng'ombe (puloteni yolimbitsa khungu) ndi zina zochokera ku nsomba ya shaki. Pambuyo pake ku Australia anapanga kena kotchedwa NovoSorb BTM, kamene mulibe chilichonse chochokera ku nyama koma pulasitiki yosungunuka m'thupi, monga umachitira ulusi wina wosokera mabala.

Pamwamba pa Integra pali kachikopa ka silikoni (chinthu chofewa ngati labala) koteteza kuti madzi a m'thupi asamatayike ndiponso tizilombo tisalowe. Dokotala amayang'ana mtundu wa mnofu kudzera pa kachikopako, ndipo ukasintha kuchoka pa kufiira n'kuyamba kutumbuluka, amadziwa kuti timitsempha tamera mokwanira. Zimenezi zimatenga milungu iwiri kapena itatu, pomwe ka ku Australia kaja kamatenga nthawi yotalikirapo. Akatero amamatula kachikopako n'kumatapo khungu la wodwala mwiniwake. Phindu lake n'lakuti amasenda khungu lopyapyala kwambiri kusiyana ndi la nthawi zonse, choncho pantchafu paja pamapola msanga ndipo akhoza kudzasendaponso.

Zovuta zake musaziderere. Wodwala amachitidwa opaleshoni kawiri, kansaluko n'kokwera mtengo, ndipo pansi pake pakachita mafinya kakhoza kukana kugwira, n'kuchotsedwa. Khungu lomerapo silikhala ndi ubweya ndiponso silituluka thukuta, motero munthu amene anapsa mbali yaikulu ya thupi amavutikabe kukatentha.

Mmene ndikuonera ine, pa bala laling'ono ndiponso losazama palibe chifukwa choumirira njirayi, pakuti kumata khungu mwa nthawi zonse kumakwanira. Pamene imapulumutsadi ndi pamene munthu wapsa thupi lonse moti posenda pachepa, kapena pamene bala lazama mpaka fupa kapena mtsempha wolumikiza mnofu ndi fupa zili pamtunda, chifukwa khungu lomatidwa mwachindunji pamalo otero siligwira, limafuna mnofu wokhala ndi magazi pansi pake.