Funsani Ankolo Zamasewero: mwana akagwa pagalaundi popanda womugunda

Sabata ino mafunso ambiri achokera kwathu kuchigwa, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo angapo akuzungulira nkhani imodzi. Ndayamba ndi la mayi a ku Bangula chifukwa landikhudza kwambiri.

Funso: Ankolo, mwana wanga wachiwiri ali fomu 3 pa CDSS ina kuno ndipo amamenya nambala 8 mutimu ya sukulu. Ine gemu yake sindiphonya, ndimasiyira mnzanga geni ya mandasi n'kupita. Loweruka lapitali mnyamata wa timu inayo anangogwa yekha, palibe anamugunda, mpira unali kutali. Ena anamuthira madzi, ena kumukupiza ndi jeze, bambo ena kumukanula pakamwa ndi supuni ati asameze lilime. Mwamwayi anatsitsimuka koma ine chiyambire tsiku limenelo tulo sindikutiona. Akanakhala wanga ndikanatani? Mayi odandaula, Bangula.

Yankho: Mayi, zikomo polemba, komanso zikomo kuti mumakaima kunja kwa layini kuchemerera mwana wanu, makolo ambiri sadziwa ngakhale nambala yomwe mwana wawo amavala. Mnyamata uja poti anatsitsimuka yekha nde kuti mtima unali ukugundabe, mwina linali dzuwa kapena njala, komabe makolo ake amutengere kuchipatala asanamenyenso. Koma gwirani ichi. Mwana akagwa, mwamuitana dzina sakuyankha, mwamugwedeza paphewa sakuyankha, kupuma sikukuoneka bwinobwino, muziyesa kuti mtima waima, osadikira wina adzakutsimikizireni.

Chimene chimapusitsa anthu ambiri n'choti munthu woti mtima waima sangokhala phee ayi. Nthawi zambiri maso amakhala ali tong'o, manja ndi miyendo zimanjenjemera ngati khunyu, ndipo amakoka mpweya mobanika ngati mlamba woti wangovuulidwa mu Shire, kamodzi, kenako zii, kenako kamodzinso. Anthu amati "akupuma, mupatseni mpata apitidwe mphepo", chonsecho kumeneko si kupuma. Ubongo ukakhala mphindi 4 mpaka 6 osalandira magazi umayamba kuonongeka, ndipo mphindi iliyonse yodutsa popanda womuthandiza mwayi wopulumuka umatsika ndi pafupifupi 10 pa 100.

Nde mumatani? Lozani munthu mmodzi, osangokuwa m'gulu, mulozeni kuti iwe thamangira kuchipatala kapena imba foni kubwere galimoto ndi adokotala kaya anesi. Inuyo mugonekeni mwanayo chagada pompo pa dothi lolimbalo, gwadani pambali pake, chikhatho chimodzi pa fupa lapakati pa chifuwa, china pamwamba pake, zigongono zowongoka, kenako dinikizani ndi thupi lanu lonse kuti chifuwa chizilowa masentimita 5 mpaka 6 n'kubwerera, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, kungoti kawiri pa sekondi iliyonse. Imeneyi ndiye CPR. Ngati simunaphunzire zouzira mpweya pakamwa zisiyeni, manja okhawo ndi okwanira poyambira. Imatopetsa, pakutha mphindi ziwiri thukuta lili kamukamu, nde muzisinthana ndi wina koma osasiya mpata. Mwina mumva nthiti ikuti thyo, musaleke, nthiti imapola. Akayamba kupuma bwino kapena kudzigwedeza, pamenepo lekani, mugonekeni cham'mbali.

Za supuni zija ayi ndithu. Lilime ndi lomangika pansi pakamwa, munthu sangalimeze, supuni imangogulula mano n'kudya nthawi. Kumumwetsa madzi munthu wosadziwa kanthu nakonso n'koopsa, madziwo amapita kumapapo. Koma chomwe chimandiwawa kwambiri ndi kabaza. Timathamangira kumukweza panjinga yamoto, wina kutsogolo wina kumbuyo mwana pakati, poganiza kuti tikumuthandiza, koma panjinga palibe amene angadinikize chifuwa, nde ulendo wonsewo magazi sakuyenda. Kukhale kumbuyo kwa pikapu, atagona chagada, wina akupitiriza CPR mpaka pakhomo la chipatala.

Ndisakunamizeni, CPR payokha kawirikawiri siidzutsa mtima, ntchito yake ndi kukankha magazi kuti ubongo usafe. Chodzutsa mtima ndi kamakina kotchedwa AED, mumamata timapepala tiwiri pachifuwa, kamayeza kokha, kamalankhula kukuuzani chochita ndipo kamapereka shoko pokhapokha ngati ikufunika. Mukukumbukira Christian Eriksen wa Denmark pa 12 June 2021, akumenya ndi Finland ku Copenhagen, anagwa yekha hafu yoyamba isanathe. Anamuyamba CPR pompo, anamupatsa shoko, ndipo mu 2022 anali akumenyanso mpira ku Brentford. Fabrice Muamba, wobadwira ku Kinshasa, anagwa mu March 2012 akusewerera Bolton pa gemu ndi Tottenham, mtima wake unatha mphindi 78 usakugunda wokha, koma poti anthu sanasiye kudinikiza chifuwa lero ali moyo. Ine pa magemu a sukulu omwe ndaonera kuchigwa kuno AED sindinaionepo, zomwe tili nazo ndi manja athuwa basi, nde tiwaphunzitse. A Malawi Red Cross Society ndi a St John amaphunzitsa chithandizo choyamba, kambani ndi ahedi komanso komiti ya makolo awaitane, inunso mayi mukakhale nawo pamzere woyamba.

Funso: Ankolo musazembe, mwana wamphamvu wa zaka 17 angagwe bwanji yekha? Kuno tikudziwa matimu ena amakwirira zinthu pagolo usiku. Sapota, Makhanga.

Yankho: Achimwene sindizemba. Marc-Vivien Foé wa Cameroon anali chimphona cha munthu, zaka 28 zokha, anagwa pakati pa bwalo ku Lyon pa 26 June 2003 akumenya ndi Colombia ndipo anamwalira. Atamupima anapeza kuti mnofu wa mtima wake unali wokhuthala mopitirira, matenda omwe munthu amatha kuyamwira kumtundu osadziwa, akuoneka wathanzi kuposa tonsefe. Zomwe mumakhulupirira sindikulandani, koma ndaonapo mwana ali gone pansi masapota akuthamangitsana kukakumba pagolo, wogwada pambali pake palibe. Mikanganoyo muzichita mwana atapita kuchipatala.

Funso: Ndine mphunzitsi wa zamasewero kusekondale ina kuno. Magemu athu ambiri amayamba 2 koloko poti ana ena amachokera kutali ndipo amafuna abwerere kusanade. Ndingasiyanitse bwanji kukomoka kwa dzuwa ndi kwa mtima? Aphunzitsi, Ngabu.

Yankho: Aphunzitsi, inu ndi ine tikulidziwa dzuwa la Ngabu mu October ndi November, madigiri kudutsa 40, dothi kuwotcha mpaka kudzera mu sole ya nsapato, ndipo ana ambiri amamenya osavala n'komwe. Kusiyana kwake kuli pa kagwedwe ndi kapumidwe. Wa mtima amagwa mwadzidzidzi ngati thumba, sayankha, sapuma bwino. Wa dzuwa kawirikawiri amayamba waonetsa, mutu kupweteka, kudzandira, kusanza, kulankhula zosagwirizana, kuthamangira kolakwika, kukwiya popanda chifukwa, thupi lili juu, koma akupuma. Uyu nde madzi aja amagwira ntchito, ndipo musaumire. Mutengereni pamthunzi, muvuleni jeze ndi masokosi, mukhuthulireni ndowa thupi lonse, ena akumukupiza, nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mabuno, muzizizireni kaye pompo kwinaku mukudikira galimoto chifukwa thupi likapitirira madigiri 40 mkati ziwalo zimayamba kuonongeka. Ngati akudziwa zomwe zikuchitika ndipo akutha kumeza mupatseni Thanzi ORS pang'onopang'ono. Akasiya kupuma bwino siyani ndowa, yambani CPR.

Koma 2 koloko ija aphunzitsi ndikukana. Mpira wa akuluakulu omwe amadya bwino kukatentha refa amaimitsa cha m'ma mphindi 30 ndi 75 kuti amwe madzi, nanga ife tikumenyetsa mphindi 90 mwana woti wayenda wapansi mtunda wautali atangodya mbatata imodzi m'mawa? Gwirizanani ndi anzanu amuzoni magemu aziyamba m'mamawa Loweruka, atsikana a netibo nawonso chimodzimodzi, aliyense afike kwawo kukuwala. Mjigo ukhale wodziwika kuti uli pati ndipo ndowa zidzaze gemu isanayambe. Mwana woti ali ndi malungo kapena thupi likutentha asalowe, kaya ndi sitiraika wanu yekhayo, chifukwa matenda ena a mavairasi amatupitsa mnofu wa mtima ndipo kuthamanga nawo n'kuputa ngozi.

Funso: Ankolo ine kwathu ndi ku Nchalo koma ndili pakoleji ina ku Blantyre, ndimamenya basiketibo. Miyezi iwiri tsopano ndikathamanga pachifuwa pamathina, mtima umagunda mosokonekera, tsiku lina ndinaona mdima mpaka ndinakhala pansi. Akochi akuti ndi fitinesi yochepa. Amalume anga anamwalira mwadzidzidzi ali kumunda asanakwane zaka 35. Magemu a TESSAM, bungwe la masewero a m'makoleji, ayandikira ndipo sindikufuna kutaya malo. Ndipange bwanji? Mnyamata wa ku Nchalo.

Yankho: Mphwanga, leka kaye kusewera lero lomwe, osati ukamaliza mpikisano. Watchula zinthu zinayi zomwe madokotala amaziopa kwa wosewera wachinyamata, kupweteka pachifuwa pothamanga, mtima kugunda mosokonekera, chizungulire chofuna kukomoka uli mkati mothamanga, ndi wachibale womwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono. Fitinesi yochepa imapangitsa wefuwefu, ukapuma zatha, siibweretsa mdima m'maso. Akochi ako akufunira timu zabwino koma mtima sauona ndi maso.

Uli ndi mwayi poti uli pafupi ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, mnzako wa ku Nsanje amayenda makilomita opitirira 170 kuti akafike kumeneko. Yambira kukiliniki ya pakoleji, fotokoza zonse mmene wandilembera inemu, za amalume usasiye, pempha akutumize ukapangidwe ECG ndi echo. ECG imaona mmene magetsi a mtima akuyendera, echo imajambula mnofu ndi mavalavu. Uwauzenso ngati uli mwana unkadwaladwala zilonda zapakhosi kenako mfundo n'kumatupa, chifukwa kwathu kuno ana ambiri mavalavu awo amaonongeka choncho, zilonda zapakhosi za bakiteriya zosachizidwa ndi penisilini zimatha kubweretsa matenda a mtima otchedwa rheumatic heart disease, ndipo akapezeka msanga pali jekeseni wa pamwezi woteteza kuti zisapitirire.

Usaone ngati mpira wako wathera pamenepa. Bronny James, mwana wa katswiri wa basiketibo LeBron James, mtima wake unaima mu July 2023 ali pa tirening'i ku University of Southern California ali ndi zaka 18, anamuthandiza pompo, anapeza vuto lomwe anabadwa nalo, anamuchiza ndipo anabwerera m'bwalo. Mwina kwa iwe apeza kanthu kakang'ono, mwina sapeza kanthu, koma ngati apeza zakumtundu nde kuti azing'ono ako ndi asuweni ako ku Nchalo nawonso afunika kupimidwa. Undilemberenso ukatenga zotsatira, ndikhala ndikudikira.

Funso: Ankolo ndili ku Joni, mng'ono wanga ndi goloboyi pasukulu ina ku Chikwawa. Zotsatira za magemu awo sindiziona paliponse, ndizitsatira bwanji? Ndikufunanso kuwathandiza. Mkulu wake, Johannesburg.

Yankho: Achimwene, mpira wa sukulu umayendetsedwa ndi a MASSA kuyambira kuzoni, koma nyuzi zikuluzikulu zimaudzukira ukafika kumafainolo, nde njira yachangu ndi aphunzitsi a zamasewero eni akewo. Apempheni atsegule gulu la WhatsApp la makolo, muziwatumizira kabandulo pa tsiku la gemu, mwana mmodzi wa fomu 4 azilemba zigoli ndi kujambula timakilipu. Mawayilesi a m'dera monga Gaka FM ndi Nyathepa nawonso muziwaimbira kuwapempha aziwerenga zotsatira za sukulu. Pa zothandizazo, jeze ndi mipira n'zabwino, koma ngati ndalama ikukwana lipirani kaye tsiku limodzi loti aphunzitsi, marefa, makaputeni ndi akabaza omwe amaima pagalaundi aphunzire CPR, mugulenso ndowa ziwiri ndi bokosi la Thanzi. Mng'ono wanuyo asaphonye maphunzirowo, goloboyi amalandira mipira yamoto pachifuwa ndipo kumenyedwa kwamphamvu pamalo pa mtima nakonso kumatha kuuimitsa, ndi zomwe zinamuchitikira Damar Hamlin wa Buffalo Bills, timu ya mpira wa ku America, mu January 2023 atagundana ndi mnzake. Nambala ya woyendetsa ambulansi kapena ya mwini pikapu wapafupi ilembedwe mkati mwa chivindikiro cha bokosilo, ndipo aphunzitsi amuimbire Lachisanu kuti adziwe kuti mawa kuli gemu.