Mwafunsa, Tayankha: Kodi Wogulitsa Mchere Anazitenga Kuti za Mitengo?

Funso: Akonzi, ndamva kuti ku America kuli kampani ya mchere yotchedwa Morton Salt, komanso munda waukulu wa mitengo wotchedwa Morton Arboretum. Kodi anayambitsa ndi munthu mmodzi? Ngati zili choncho, mchere ndi mitengo zikugwirizana pati?

Yankho: Inde, awerengi athu, ndi munthu mmodzi, dzina lake Joy Morton, amene anabadwa mu 1855 ku Detroit n'kukulira ku Nebraska City. Dzina loti Joy lisakusokonezeni, anali mwamuna, ndipo dzinali ndi la ku banja la mayi ake, Caroline Joy.

Malonda a mchere anawalowa mu 1880 ku Chicago, pamene anagula gawo la kampani ya E. I. Wheeler, ndipo Wheeler atamwalira mu 1885, ulamuliro wa kampaniyo unakhala m'manja mwake. Dzina loti Morton Salt Company linabwera mu 1910. Chimene chinatchukitsa mcherewu n'chakuti mu 1911 kampaniyo inayamba kuthiramo mankhwala otchedwa magnesium carbonate, amene amaletsa mchere kuundana kukakhala chinyezi, ndipo n'chifukwa chake chizindikiro chake ndi kamtsikana kofunda ambulera pamvula, mchere ukutayika m'chitini. Mu 1924 anayambanso kugulitsa mchere wokhala ndi ayodini pofuna kuchepetsa matenda a chithokomiro.

Koma za mitengo, ife tikuona kuti n'kulakwa kuzitenga ngati chosangalatsa chabe cha munthu amene ndalama zamuchulukira, chifukwa iye anazipeza pakhomo pa makolo ake. Bambo ake, J. Sterling Morton, amene pambuyo pake anakhala nduna ya zaulimi mu ulamuliro wa pulezidenti wa America Grover Cleveland, ndi amene anayambitsa tsiku lodzala mitengo lotchedwa Arbor Day, limene linachitika koyamba pa 10 April 1872 ku Nebraska, dera la zigwa zaudzu kumene mitengo inali yosowa kwambiri. Mawu amene banjali linkayendera anali akuti "Dzalani mitengo", ndipo mwanayo anakula akuwamva.

Munda wa Morton Arboretum, Joy anaukhazikitsa pa 14 December 1922, ali ndi zaka 67, pa malo ake otchedwa Thornhill ku Lisle, m'chigawo cha Illinois, ndipo unayamba ndi maekala 175. Sanafune paki yongopumulirako anthu, koma malo osonkhanitsirapo mitengo ndi zitsamba zochokera m'mayiko osiyanasiyana, kuti akatswiri aziziphunzira ndi kuona zimene zingapirire nyengo ya kumeneko. Pa ntchitoyi anapempha nzeru kwa Charles Sprague Sargent, mkulu wa Arnold Arboretum, munda wa mitengo wa yunivesite ya Harvard, pamene kakonzedwe ka malowo anakapereka kwa O. C. Simonds, katswiri wokonza mapaki ndi minda.

Joy Morton anamwalira mu 1934, mitengo yambiri imene anadzala isanakule n'komwe, ndipo lero mundawo uli ndi maekala pafupifupi 1,700.