Fayilo ya .dct ikukana, ndipo ikalola zaka za alimi zikusokonekera

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mlongo wina amene akumaliza maphunziro ake ku Bunda. Akuti anapatsidwa mayankho a kafukufuku wa alimi a ku Mitundu m'fayilo ya manambala okhaokha othithikana, opanda mitu, ndipo anauzidwa kuti alembe yekha dikishonale yowerengera fayiloyo mu Stata, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira deta. Poyamba Stata inkangomuyankha kuti r(614). Atakonzakonza inalola, koma tsopano alimi ena akuoneka kuti ali ndi zaka 5, ndipo munda wa mayi wina wakwana maekala 250. Funso lake ndi lakuti: malamulo a kalembedwe ka dikishonale ndi ati, ndipo walakwitsa pati?

Achemwali, mavuto anu ndi awiri, ndipo amene akundidetsa nkhawa ndi wachiwiriyo. Tiyambe ndi wosavuta.

Dikishonale ndi kafayilo ka mawu wamba kamene kamauza Stata kuti pamzere uliwonse wa deta, chinthu chakuti chikuyambira pakuti, n'chotalika motere, ndipo dzina lake ndi lakuti. Ya kafukufuku ngati wanu ingaoneke chonchi:

infile dictionary using alimi.raw {
* alimi a ku Mitundu
_column(1) int nambala %4f "Nambala ya banja"
_column(5) str10 foni %10s "Foni ya mlimi"
_column(15) byte zaka %2f "Zaka za mlimi"
_column(17) float maekala %4.2f "Kukula kwa munda"
_column(21) int matumba %3f "Matumba a chimanga"
_column(24) byte ngombe %2f "Ng'ombe za pakhomo"
}

Apa alimi.raw ndi fayilo ya mayankho ija. Dikishonaleyi mukaisunga ngati alimi.dct, mumaiitana ndi lamulo lakuti infile using alimi.dct. Mkutiro wopotana wotsegula uzikhala kumapeto kwa mzere woyamba, wotsekera uzikhala pamzere wakewake. Mzere umene ukuyamba ndi nyenyezi ndi ndemanga yanu, Stata siuwerenga. Pamzere wa chinthu chilichonse dongosolo silisintha: malo, mtundu, dzina, kawerengedwe, kenako mawu ofotokozera m'kati mwa mitengero. Zigawo zimenezi zimalekanitsidwa ndi mpata basi. Musaikepo mpatuliro, ndipo chizolowezi cha anthu a pulogalamu ina ya SAS chotseka mzere uliwonse ndi semikoloni chisiyeni kunja.

Uthenga wa r(614) umatanthauza kuti Stata yapeza dikishonale koma siikumvetsa zimene zalembedwamo. Choyamba chimene ndingakayikire ndi mitengero. Ngati munalemba mu Word, pulogalamuyo imasintha mitengero yowongoka n'kuika yopindika, yokongola m'maso koma yachilendo kwa Stata. Lembani mu Do-file Editor ya Stata kapena Notepad. Chachiwiri ndi mayina. Dzina limalola zilembo, manambala ndi kamzere kapansi, lisapitirire zilembo 32, lisayambe ndi nambala, lisakhale ndi mpata. Nkhodolero ndi yoletsedwa, n'chifukwa chake pamwambapo ndalemba ngombe padzina koma Ng'ombe m'mitengero, mmene Chichewa chathu chili ndi ufulu wonse. Kumbukiraninso kuti zaka ndi Zaka kwa Stata ndi zinthu ziwiri zosiyana, komanso kuti mawu ngati if, in, using ndi byte ndi ake a Stata, simungatchule nawo chinthu chanu.

Zonsezi zimatopetsa, koma sizivulaza munthu, chifukwa Stata imaima n'kukuuzani kuti pali vuto. Zaka 5 zija ndiye nkhani ina. Pamenepo dikishonale yanu inali yolembedwa bwino, yopanda chizindikiro cholakwika ngakhale chimodzi, koma inkaloza malo olakwika, ndipo Stata inangomvera.

Taganizani mlimi wa zaka 45 amene zaka zake zili pa kolamu 15 ndi 16, ndipo munda wake walembedwa 0250 kuyambira pa 17. Mukalemba _column(16) m'malo mwa 15, Stata itenga 5 ndi 0 wotsatirayo, n'kukupatsani zaka 50. Mukalemba _column(16) ndi %1f, ikupatsani 5. Yachiwiriyi mwaiona chifukwa n'zoseketsa kuti mwana wa zaka 5 akhale mwini munda. Yoyambayo simukanaiona konse: 50 ndi zaka zabwinobwino, zikanalowa mu avereji, avereji n'kulowa m'lipoti, lipoti n'kufika patebulo la munthu wopanga ziganizo za alimi enieni. Zili ngati sikelo ya ku Lizulu yosokonekera pang'ono, imene imayeza tsiku lonse popanda wodandaula. N'chifukwa chake ine ndimaumirira kuti mzere uliwonse uziyamba ndi _column yakeyake. Stata imalola kuisiya, n'kumangopitirira pamene chinthu chapita chathera, koma mukatero kulakwa kwa mzere umodzi kumakankha mizere yonse ya m'munsi.

Maekala 250 aja akuchokera pa kampumiro kamodzi. Mafayilo ambiri amtunduwu salemba desimo, amangolemba 0250 n'kusiyira dikishonale ntchito younena. %4f imawerenga 250, pamene %4.2f imatenga manambala anayi omwewo n'kudziwa kuti awiri omaliza ali kuseri kwa desimo, ndiye munda ndi maekala 2.50. Ngati desimo yalembedwa kale m'detamo, Stata imatsata yolembedwayo. Kuti mudziwe ngati ndi .1 kapena .2 musalote, funsani amene anakupatsani fayilo akupatseni chikalata chosonyeza makolamu, pamodzi ndi fomu ya mafunso.

Mtundu nawo umadya deta mwakachetechete. byte imasunga manambala kuyambira -127 kulekeza 100, choncho ndi yabwino pa zaka za manambala awiri koma siyoyenera matumba, poti mlimi wokolola matumba 120 sangakwanemo. int imafika 32,740. float imasunga nambala yathunthu molondola mpaka 16,777,216, kupitirira apo imayamba kuzungulira manambala omaliza, ndiye nambala yaitali yozindikiritsa banja ipatseni long, double kapena str. Foni ndaiika str10 dala, kuti isungidwe ngati mawu. Manambala athu ambiri amayamba ndi 088 kapena 099, ndipo mukawawerenga ngati nambala yowerengetsera, ziro woyambayo amagwa.

Mwina mnzanu akuonetsani dikishonale yake yoyamba ndi infix dictionary, mmene amalemba zaka 15-16 popanda _column kapena %. Imeneyonso ndi yolondola, koma ndi chilankhulo china, choitanidwa ndi infix using. Musasakanize ziwirizi m'fayilo imodzi.

Mukakonza, musathamangire kusanthula. Tsegulani alimi.raw mu Notepad, sankhani mizere isanu yoyambirira, muwerenge makolamu ndi chala, kenako lembani list in 1/5 muyerekeze chinthu ndi chinthu. Mukatero lembani summarize muyang'ane nambala yochepetsetsa ndi yochulukitsitsa ya chilichonse, ndi codebook kuti muone zosowa. Ngati mafomu apepala akadalipo ku dipatimenti, tenganiko ochepa muwayerekeze ndi zimene zili pakompyuta. Zaka zikakanabe kugwirizana, nditumizireni dikishonale yanu ndi chikalata cha makolamu, koma fayilo ya mayankho isachoke m'manja mwanu, muli mafoni a anthu.